Kuphunzitsa pa WhatsApp ndi Facebook popanda kuyalutsa ana: malangizo kwa aphunzitsi a m'chigwa cha Shire

Funso ili limabwera pafupifupi pamsonkhano uliwonse wa aphunzitsi, kaya ku TDC (likulu la aphunzitsi la zoni) kaya pansi pa mtengo nthawi ya buleki: kodi ndi bwino kutsegula gulu la WhatsApp la kalasi, nanga zithunzi za ana tingaziike pa Facebook? Ndaliyankha kambirimbiri pakamwa, ndiye ndalemba pano kuti wofuna aziwerenga yekha.

Yankho lalifupi ndi lakuti tsegulani. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tikudziwa mmene sukulu imaimira madzi akasefukira. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasandutsa makalasi ambiri kukhala misasa ya anthu othawa madzi, ana nkukhala masabata osaona bolodi. Nthawi ngati imeneyo foni ndiyo njira yotsala yofikira mwana amene ali ku Makhanga kapena kutsidya kwa Shire. Koma chithunzi kapena ndandanda ya malikisi ikangochoka m'foni yanu, siilinso m'manja mwanu. Madzi akatayika saoleka. Nchifukwa chake ntchito yaikulu yoteteza mwana imachitika musanatumize kanthu, ndipo ndondomeko yake ndi iyi.

1. Yambani ndi ahedi ndi komiti, foni ibwere pambuyo

Gulu la kalasi si lanu, ndi la sukulu. Musanalitsegule khalani pansi ndi ahedi, komiti ya sukulu, PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi a Mother Group. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'buku la misonkhano: gululo ndi la chiyani, azitumiza ndani, nthawi yanji, lidzatsekedwa liti. Ahedi adziwitse a PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale wa zoni yanu.

Izi sizongokwaniritsa mwambo ayi. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo kuyambira 2017 malamulo omwewo amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, kutanthauza kuti ambiri a kusekondale nawonso ndi ana. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, bungwe loona za mauthenga ndi mafoni, limati pa zokhudza mwana wopereka chilolezo ndi kholo kapena womulera. Zokhudza mwana zimene tikunenazi ndi dzina lake, nkhope, mawu, nambala ya foni, mudzi, malikisi ndi za thanzi lake.

2. Pezani chilolezo chenicheni cha makolo

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo mpovuta kuposa pena paliponse.

Njira yozolowereka ndi kupatsa mwana kapepala kuti akasainitse kunyumba. Kapepalako kamabwera mawa lake katasainidwa, koma nthawi zambiri wasaina ndi mwana yemweyo kapena mkulu wake, ndipo ngakhale atasaina mayi, palibe anawafotokozera. Njira ina ndi kufunsa pamsonkhano kuti ogwirizana nazo akweze manja. Pamaso pa ahedi ndi anyakwawa, ndani angasiye dzanja pansi? Kholo likati "aphunzitsi ndinu mukudziwa", silinavomere, langokupatsani ulemu.

Chitani motere. Itanani makolo tsiku losakhala la msika, komanso losawombana ndi ntchito ya kudimba. Fotokozani m'chilankhulo chimene amayankhula kunyumba. Ngati ndinu mlendo ndipo Chisena kapena Chimang'anja sichikutulukani bwino, pemphani mayi wa Mother Group amasulire. Musangofotokoza, onetsani. Jambulani bolodi pamaso pawo, tumizani chithunzicho ku foni ya mphunzitsi mnzanu, iye atumize kwa kholo limodzi lomwe lili pompo, kenako mufufute m'foni yanu ndi kuwaonetsa kuti m'mafoni awiri aja chikadalimo. Gogo amene sanagwirepo foni ya intaneti amamvetsa nthawi yomweyo kuti chithunzi cha mdzukulu wake chikhoza kufika ku Blantyre kapena ku Joni iye asanafike kunyumba.

Kenako musafunse funso limodzi la zonse pamodzi. Mafunso ndi anayi, lililonse ndi yankho lakelake la eya kapena ayi. Kodi nambala yanu ilowe pa ndandanda yolandirira uthenga wa sukulu? Kodi ntchito ya mwana wanu ionetsedwe kwa anzake dzina litabisidwa? Kodi nkhope yake ioneke pa gulu la kalasi? Kodi nkhope yake ioneke pa Facebook kapena kwa mabungwe a kunja kwa sukulu? Makolo ambiri amavomera awiri oyamba nkukana awiri otsiriza, ndipo akulondola.

Mayankho aperekedwe mmodzimmodzi, pa tebulo lapadera pomwe ena sakumva. Wosatha kulemba adinde chala, mboni ikhale wa komiti kapena wa Mother Group, osati inu mwini kalasi.

Funsani mafunso ena awiri amene pepala silifunsa. Loyamba: foniyi ndi ya ndani? Nambala zambiri zimene makolo amapereka ndi za oyandikana nawo, za mlamu, kapena za bambo amene amapita nayo kuntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo. Ngati ndi choncho mwini foni naye avomere, ndipo inu muzikumbukira kuti chilichonse mungatumize adzayamba kuwerenga ndi iyeyo. Lachiwiri: akulera mwanayu ndani? M'mabanja ambiri a Amang'anja amalume amakhala ndi mawu, kwa Asena mawu amachokera mbali ya bambo, ndipo ana ambiri akukhala ndi agogo kapena azakhali. Lembani amene akukhala naye tsiku ndi tsiku, ndipo ngati pali kukokana m'banja, tengani ngati yankho ndi ayi kufikira atagwirizana.

Mwananso mufunseni. Makolo akavomera koma iye sakufuna kujambulidwa, musamujambule.

Nenani poyera kuti wokana sataya kanthu. Chilichonse chotumizidwa pafoni chilembedwenso pa bolodi, kuti mwana wa kholo lokana kapena la m'nyumba yopanda foni asatsalire. Nenaninso kuti wovomera lero akhoza kusintha maganizo mawa popanda kufotokoza chifukwa. Mapepalawo asungidwe mu ofesi ya ahedi, m'jumbo ya pulasitiki, pamalo okwera ndi okiya. Musawajambule kuti muzisunga m'foni, chifukwa pamenepo mwasonkhanitsa maina ndi manambala a mudzi wonse m'thumba lanu.

3. Sankhani chida choyenera

WhatsApp, Facebook ndi TikTok onse amafuna munthu wa zaka 13 kupita mtsogolo. Choncho kupulaimale mukulumikizana ndi makolo, osati ana. Musauze mwana kuti atsegule akaunti ponamiza zaka.

Vuto la gulu wamba la WhatsApp ndi lakuti aliyense amaona nambala ya aliyense. Mtsikana wa Fomu 3 akalowamo, nambala yake yafika kwa wina aliyense amene angabwereke foni ya mnzake wa m'kalasi. Njira zopewera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi Community: mbali yake yolengezera imalola ma admin okha kutumiza, ndipo mamembala saona manambala a anzawo. Yachiwiri ndi Broadcast list, yomwe imatenga manambala mpaka 256; uthenga umafika kwa aliyense payekha, ndipo akayankha mumaona nokha. Cholepheretsa chake nchakuti umangofika kwa amene anasunga nambala yanu m'foni mwake, ndiye tsiku la msonkhano lija onetsetsani kuti aliyense waisunga musanabalalike.

Gulu lokambirana litsegulidwe kusekondale kokha, likhale la phunziro limodzi, ndipo mukhale aphunzitsi awiri, mmodzi wamkazi. Facebook si malo ophunzitsira kalasi. Isiyireni zolengeza za sukulu zimene simungachite nazo manyazi zitapachikidwa pamsika wa Ngabu.

4. Tsekani zitseko za gulu

Lowani pa dzina la gulu, kenako Group permissions. Zimitsani Edit group settings kuti mamembala asasinthe dzina kapena chithunzi. Zimitsani Add other members. Yatsani Approve new members. Ngati ndi gulu lolengezera, zimitsaninso Send messages. Anthu muziwalowetsa nokha kuchokera pa ndandanda ya ovomera. Link yolowera musaitumize, chifukwa imayenda kuposa mmene mukuganizira. Ngati inatuluka kale, dinani Reset link kuti yakale ife. Dzina la gulu likhale ngati "Masamu Fomu 2", ndipo chithunzi chake chisakhale cha ana.

5. Tumizani phunziro, osati mwana

Zimene zimagwira ntchito kuno ndi zopepuka: chithunzi chimodzi cha bolodi cholembedwa zilembo zazikulu, mawu ojambula a mphindi ziwiri kapena zitatu ofotokoza chitsanzo chimodzi, ndi mafunso asanu oti ayankhe m'kope. Mavidiyo amamaliza bandulo ya kholo tsiku limodzi, ndipo kumene netiweki ndi yofooka satsika nkomwe. Ikani nthawi yodziwika, monga pakati pa 4 ndi 6 koloko madzulo, kuti mwana adziwe nthawi yobwereka foni.

Musanadine batani lotumizira, kulitsani chithunzicho ndi zala muone m'mbali mwake. Pakona ya bolodi kawirikawiri pamakhala maina a ojomba kapena olongolola, pakhoma pali ndandanda ya osesa, pa tebulo pali rejisitala yotsegula. Dulani zonsezo.

Malikisi ndiwo amalakwitsa aphunzitsi ambiri abwino. Kutha kwa teremu wina amajambula pepala lonse la zotsatira, kuyambira nambala wani mpaka womaliza, nkuliponya pagulu kuti makolo asavutike kubwera. Mawa lake mwana womalizayo akumunena pa mjigo. Malikisi apite kwa kholo lililonse palokha, kapena adikire lipoti. Mukafuna kuonetsa yankho labwino kapena cholakwa chofala, phimbani dzina ndi kapepala musanajambule, ndipo ngati kalembedwe ka mwanayo nkodziwika, koperani yankholo ndi dzanja lanu.

Izi siziyenera kufika pagulu ngakhale pang'ono: amene sanalipire ndalama za sukulu, amene ali pa bursary kapena pa Mtukula Pakhomo, amasiye, amene amamwa ma ARV, amene wayembekezera kapena wabwerera kusukulu atabereka, ndi nkhani iliyonse ya chilango. Ndipo pepala lililonse limene likuyenda m'magulu nkumati ndi mayeso a MANEB obooka, musalitumize, lifufuteni. Kukhala nalo kapena kulifalitsa ndi mlandu.

6. Zithunzi za ana

Jambulani manja akulemba, mbewu za kumunda wa sukulu, ntchito yopachika pakhoma, kapena kalasi kuchokera kumbuyo. Nkhope ioneke pokhapokha ngati pepala lija likuti eya, ndipo ngakhale pamenepo nkhope, dzina ndi malo zisakhalire limodzi. Baji ya pa yunifolomu ndi chikwangwani cha sukulu zimanena malo ngakhale inu musanalembe. Zimitsani Location mu kamera ya foni yanu, chifukwa chithunzi chotumizidwa ngati Document kapena pa imelo chimatha kunyamula malo enieni amene chinajambulidwira. Status nayonso ndi kufalitsa. Amaiona aliyense amene munasungirana naye nambala.

Pali ana ena amene ngakhale kholo litavomera, inu mukane. Woyamba ndi mwana wachialubino. Kuyambira cha mu 2014 dziko lino laona kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, ndipo chithunzi chosonyeza nkhope ndi sukulu yake chimauza munthu woipa kumene angamupeze komanso nthawi imene amaweruka. Ena ndi mtsikana amene wachotsedwa ku ukwati, mwana amene nkhani yake ili kupolisi kapena kukhoti, ndi amene mayi ake anathawa naye nkhanza. Ndandanda ya ana amenewa isalembedwe m'foni. Aziidziwa ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi basi. Pojambula gulu musawatulutse pamzere anzawo akuona. Jambulani mwa njira yoti palibe nkhope ikuoneka, kuti pasakhale wosalidwa.

Nthawi ya kusefukira kwa madzi ndi pamene lamuloli limayesedwa kwambiri. Mabuku anyowa, ana alibe yunifolomu, ndipo akufuna kwabwino akupempha zithunzi kuti apeze thandizo. Mtima umafuna kujambula mwana wong'ambikira zovala ataima m'matope, chifukwa ndi chithunzi chimene chimagwedeza anthu. Koma thandizo lidzatha, chithunzicho chidzatsala pa intaneti mwanayo atakula. Jambulani denga losasuka, madesiki okwiririka, mabuku oyanika padzuwa, ndipo perekani chiwerengero cha ana popanda maina. Mlendo wa bungwe lililonse adzere kwa ahedi, aonetse pepala lake la chilolezo, ndipo makolo afunsidwe mwatsopano. Kholo limene lili pamzere wolandirira ufa silingakane momasuka, choncho kujambula kusachitikire pamzerepo.

7. Musacheze ndi mwana pambali

Mwana akakulemberani ku inbox, yankhani pagulu kapena muuzeni kuti mukambirana m'kalasi. Musamuimbire usiku, musamutumizire mayunitsi kapena ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musavomere ubwenzi wake pa Facebook yanu. Izi zimateteza mwana, zimatetezanso dzina lanu. Akakulemberani zoti akuchitiridwa nkhanza, musamunyalanyaze ndiponso musamulonjeze kuti simuuza aliyense. Muuzeni kuti mwamva ndipo mumuthandiza, kenako tsatani zimene zili pa nambala 10.

8. Foni yanu ndi ofesi

Foni ya mphunzitsi imadutsa m'manja ambiri. Imagona kotchajitsa pa golosale magetsi akavuta, ana a kunyumba amaseweretsa, imapita kokonzetsa, memori khadi imapita kobenetsa nyimbo. Ikani PIN yotsekera yosakhala chaka chanu chobadwa. Poisiya kotchajitsa izimitseni. Popita nayo kokonzetsa chotsani SIM ndi memori khadi, ndipo zithunzi za ana mufufute kaye, osaiwala Trash kapena Recently deleted momwe zimabisala masiku angapo. Pa gulu la kalasi zimitsani Media visibility kuti zithunzi zisamasakanikirane ndi za banja lanu mu Gallery.

Yatsani Two-step verification pa Settings, kenako Account. Akuba akaunti amaimba ngati a kampani ya foni kapena a ofesi ya maphunziro, nkupempha nambala 6 zimene zangofika pa SMS. Mukawapatsa, WhatsApp yanu yapita, ndipo amayamba kulembera makolo m'dzina lanu kuti atumize ndalama ya mayeso. Nambala zimenezo sapatsa munthu. Uzaninso makolo kuyambira tsiku loyamba kuti gulu la kalasi silidzapempha ndalama. Mukagwiritsa ntchito WhatsApp pa kompyuta ya ku TDC kapena ya mnzanu, tulukani, ndipo muone pa Linked devices kuti palibe chatsala.

9. Zida zina za pa intaneti

Pa Google Forms funsani nambala ya mwana ya m'kalasi imene mwamupatsa nokha, osati dzina, mudzi ndi tsiku lobadwa. Pa Google Drive manotsi akhoza kukhala pa Anyone with the link, koma chilichonse chokhala ndi maina chikhale pa Restricted. ChatGPT ndi zinzake zimathandiza kukonza mafunso ndi sikimu, koma musalowetsemo maina, malikisi kapena mavuto a mwana weniweni, chifukwa zimene mwalemba zimakasungidwa pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko. App imene ikupempha kuona Contacts ndi zithunzi zanu pomwe ntchito yake ndi masamu, ikaneni.

10. Zikalakwika

Fulumirani, ndipo musabise. Mukatumiza cholakwika onani msanga pa Info amene awerenga kale, kenako dinani Delete for everyone nthawi yomweyo. Mwayi umenewu umatha pakadutsa masiku awiri okha, ndipo sufika kwa amene anasunga kale kapena kujambula screenshot. Admin akhozanso kufufuta uthenga wa membala wina. Tsekani gulu kuti azitumiza ma admin okha, ndipo amene anawerenga aja aimbireni mmodzimmodzi kuwapempha afufute. Uzani ahedi tsiku lomwelo. Kholo la mwanayo likamve kwa inu pamaso, lisanamve kwa anthu. Lembani m'buku chimene chinatuluka, nthawi yake ndi zimene mwachita.

Ikakhala nkhani ya chithunzi cholaula cha mwana, kuopsezedwa, kapena wamkulu amene akumunyengerera pafoni, si yothera pasukulu kapena pabwalo la mfumu. Musatumize chithunzicho kwa wina aliyense, ngakhale kwa ahedi ngati umboni, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zotere. Lembani nambala yotumiza, tsiku ndi nthawi, ndipo foniyo ipite nanu ku Victim Support Unit ya polisi. Dziwitsani wa chitetezo cha ana wa m'dera lanu kapena a ofesi ya Social Welfare paboma. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Wonyengererayo akakhala mphunzitsi mnzanu, njira ndi yomweyi.

11. Chaka chikatha, tsekani

Gulu la chaka chatha lisapitirire ndi kalasi yatsopano, chifukwa mumatsala anthu amene salinso pasukulu, ndipo nambala yosiyidwa nthawi yaitali kampani ya foni imaipatsa munthu wina. Kungotuluka sikutseka gulu; mukatuluka muli admin yekhayo, WhatsApp imasankha wina kukhala admin ndipo gululo limapitirira popanda mphunzitsi woliyang'anira. Chotsani mamembala mmodzimmodzi, mutuluke pomaliza, kenako dinani Delete group. Fufutani zithunzi ndi ndandanda za chaka chimenecho m'foni, mu memori khadi ndi mu Google Photos. Mukasamutsidwa pakati pa chaka, pangani mphunzitsi wolowa m'malo mwanu kukhala admin musanatuluke. Teremu yoyamba ya chaka chatsopano itananinso makolo ndi kufunsa mafunso anayi aja, chifukwa eya wa chaka chatha anali wa kalasi ina ndi mphunzitsi wina.